Veleveti ya Ababa

Mayfair, Joni
21 Januwale 2024

Amake Warda,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwanayo, Ababa, ndi onse a pa Chinamwali amene amandifunsa ndi mtima woona. Amene amafunsa pofuna kudziwa ngati ndatumiza katundu, moni wanga musawapatse. Ine kuno ndili moyo, Alhamdulillah.

Musadabwe kuona pepala. Foni ija inapita, ndipo musandifunse kuti inapita bwanji. Ya achemwali a Hanifa imene mumabwereka ija sindikuifunanso. Munthu ukalankhulapo mawu m'mawa, pofika masana amakhala afika kale pamsika. Ndiye ndizilemba, a Teddy a thiransipoti azikupatsirani pamanja akamabwera ndi katundu wa anthu. Inunso muzilemba. Sitandade 7 yanga ndi Fomu 2 yanu zikwana.

Zimene a Teddy andiuza zandiwawa. Akuti Ababa masiku ano akuswali atakhala pampando chifukwa mawondo akukana simenti. Akutinso kumzikiti asiya kupita, manyazi, poti anzawo onse amagwada iwo ali ndendende pampando ngati mlendo wa boma. Inu bwanji osandiuza? Munthu amene watha moyo wake akutsika phiri la Zomba ndi matabwa pamutu, lero alephere kufikitsa chipumi pansi pamaso pa Mulungu wake, mwana wake ali kuno kuyala makapeti m'nyumba za eni? Sabata yathayi ndayala kapeti m'chipinda chogona agalu awiri. Agalu, amake Warda!

Za siponji ya matiresi akale imene achemwali akuti awadulire, auzeni asiye. Siponji imamira mpaka pansi, bondo n'kukagunda simenti yomweyo. Ntchito imeneyi ndi yanga, andisiyire.

M'jumbo ya buluu muli tizidutswa titatu ta kapeti. Mvetserani, chifukwa izi sindinaziphunzire kusukulu, ndaziphunzira ndi mawondo angawa. Kapeti ndi ulusi wobayidwa pa chiguduli cholimba. Ulusi umene waima pamwambawo ife timati ubweya, ndipo kukongola, kufewa ndi kukhalitsa kwa kapeti konse kuli pa mmene ubweyawo anaupangira. Kotuwako, ulusi wake umatuluka n'kupindika kubwerera pansi osadulidwa, ngati tizigwiriro ta makapu. Kuno amati lupu. Kabulawuniko n'kodula pamwamba, koma ulusi wake anayamba aupota kwambiri ngati chingwe cha khonje. Kobiriwirako ndi veleveti, kodula n'kumeta mosalala, ulusi wake wosapota kwenikweni. Kameneko ndangoikamo kuti muone zimene amagula anthu amene mapazi awo sadziwa fumbi.

Ababa asayese ndi dzanja ayi. Aike kalikonse pasimenti, agwadepo ndi bondo lomwe likuwawalo. Akasankha, ndipo ndikudziwa kuti asankha kabulawuni, ndibwera nayo ndekha Ramadhani isanayambe, ndidzayale ndi manja anga m'chipinda mwawo. Muwauze choncho kuti Latif akubwera.

Ndamva kuti mvula yadula. Chimanga chija musagulitse ngakhale mtengo ukwere bwanji. Nsapato za Warda zili m'jumbo momwemo, zikakula muikemo kansalu kutsogolo.

Ndine amunanu,
Latif


18 Febuluwale 2024

Amake Warda,

Asalamu alaikum. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti nsapato zakwana ndipo chifuwa cha mwanayo chasiya. Ine ndilipo.

Koma nkhani ya kapetiyi yandikwiyitsa mpaka ndinalephera kudya. Ababa asankha veleveti? Mwalemba kuti anagwada pa tonse titatu monga ndinanenera, kenako anatenga kobiriwirako n'kukaika patsaya, nati, "Muuzeni Latif kuti mawondo ndi anga." Chabwino, mawondo ndi awo. Nanga amene wayala makapeti zaka zonsezi ndi ndani?

Awerengereni izi mokweza, musadumphe mawu poopa kuwakhumudwitsa. Veleveti imakoma tsiku loyamba basi. Ulusi wake ndi wautali, wofewa, wopanda msana. Ukauponda umagona, ndipo ukamaponda malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku umagoneratu osadzukanso. Munthu woswali kasanu patsiku, malo omwewo, mawondo omwewo, pakatha miyezi yochepa padzakhala maenje. Komanso ubweya wake uli ndi kogonera ngati wa mphaka. Mukausisita kulowera uku uwala, mukabweza uda. Inu mumasoka, nsalu zotero mukuzidziwa. Ndiye chilichonse chimene chadutsapo chimaoneka, ngakhale phazi la nkhuku.

Mwezi watha tinayala yomweyo, yobiriwira, m'chipinda cha dona wina. Patangopita masiku anaimba foni akukalipa kuti tamugulitsa yoonongeka, ili ndi mapazi paliponse. Titafika ndinayang'ana n'kumuuza kuti, "Mayi, mapaziwa ndi anu omwe." Bwana anandiponda chala kuti nditseke pakamwa. Tinaichotsa yonse, ili kuno yangounjikidwa. Imeneyo ndiye Ababa akuifuna!

Lupu nayo ayi, pamenepo ndikugwirizana nawo. Ndi yolimba, ndi imene timayala m'maofesi, koma pachipumi ndi yokhakhala. Ndiponso zikhadabo za kumapazi za Ababa mukuzidziwa. Chikhadabo chikangokola kalupu kamodzi, mzere wonse umasololoka ngati juzi yoluka.

Chitani izi pamaso pawo. Tengani kobiriwirako mukapinde chammbuyo ngati mukunyema mkate. Muona chiguduli cha pansi chikusuzumira pakati pa ulusi. Pindani kabulawuni, simuona kanthu. Ulusi wake wathithikana ngati mpunga wa panazale ku Domasi, uliwonse watsamira unzake, ndipo poti ndi wopota, bondo likachoka umadzuka nthawi yomweyo. Mungagwadepo zaka khumi, sipatsala chizindikiro. Kutalika kwa ubweya si mphamvu, mphamvu ndi kuthithikana ndi kupota. Ine sindinyengerera munthu, ngakhale bambo wondibala. Nditumiza yopota.

Za kubwera kwanga, pavuta pang'ono. Bwana wapeza ntchito ya hotela yaikulu, makonde ndi masitepe, akuti palibe wochoka. Mapasipoti athu, yanga ndi ya Akram mnzanga wa ku Ntaja uja, akusungidwa mu ofesi, akuti kuti asabedwe. Ndikambirana naye. Ababa musawauze kaye zimenezi.

Denga la kuchipinda kwawo likudonthabe? Lata limenelo likonzedwe kapeti isanafike. Chinyezi cha ku Zomba ndi kapeti sizimvana.

Amunanu,
Latif


17 Malichi 2024

Amake Warda,

Asalamu alaikum, Ramadhani yabwino kwa nonse. Ine ndikumanga, kusala kudyaku kukuyenda bwinobwino, kungoti dzuwa la kuno likuchedwa kulowa.

Katundu ali ndi a Teddy. Mpukutu waukuluwo ndi kapeti yopota ija, wotuwa wokhuthalawo ndi feluti, chofewa choyala pansi pa kapeti. Ndinalonjeza kudzayala ndekha, koma muona nokha kuti kalata yafika, mwini wake sanafike. Ndiye muyala inuyo. Musaitane alamu, adzaipanga ngati chikopa cha mbuzi. Inu mumadula nsalu za anthu tsiku ndi tsiku, simungalephere.

Tulutsani zonse m'chipindamo, musese, pansi paume gwaa. Muyambe feluti. Musaichepetse poti siioneka, imeneyo ndi imene imalandira bondo. Kenako kapeti pamwamba. Sisitani ndi chikhatho muone kumene ubweya ukugonera, kumeneko kuloze ku Kibula kumene timayang'ana poswali, kuti Ababa akamatsika asamalimbane nawo. Podula mudule kumsana, osati kuubweya. Mpeni ndaikamo, ndi wakuthwa kuposa lumo, Warda asaukhudze. Miyendo ya bedi ndi kabati izigwira m'mbali. Ababa akachita udhu, kusamba kokonzekera swala kuja, azipukuta mapazi asanapondepo, ndipo wina aliyense wolowa ndi nsapato mumuuze kuti Latif wati atuluke.

Ndaikamonso makapu a tiyi a pa Idi. Ndawakulunga m'chidutswa cha veleveti ya dona uja kuti asasweke panjira. Mukamasula, chidutswacho muike pakhomo anthu azipukutira matope. Ntchito imene chingathe ndi imeneyo.

Mwafunsa ngati ndikukhalabe kuchipinda chija ndi anyamata a ku Mangochi. Ayi, ndinachokako. Tsopano tikugona kusitolo kumene amasungira mipukutu. Bwana akuti n'kotetezeka, ndipo geti amakhoma iye, chakunja. M'misewu muno mwayamba kuyenda magulu a anthu ofunsa mapepala, ena ovala yunifomu, ena ongonyamula ndodo. Munthu ukatsegula pakamwa amadziwiratu kuti si wa kuno. Ndiye timachoka musitolo kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kulowa muhotela, madzulo chimodzimodzi. Joni amene anthu amamusirira kumudziko ine ndimamuonera pa kawindo ka kumbuyo kwa vani.

Malo ogona okha sindingadandaule. Ndani pa Chinamwali amagona pa makapeti osanjikiza asanu? Kungoti fungo la guluu limakhala m'mutu mpaka m'mawa.

Akram anatuluka Lachiwiri kukagula mkate wa futari womasulira kusala madzulo, geti lisanakhomedwe. Jekete lake likadali pamsomali. Akazi ake akakufunsani, munene kuti simunamve kanthu, chifukwa inenso sindinamve kanthu.

Auzeni Ababa kuti ikatha Idi ndibwera. Andipempherere m'masiku khumi omalizawa.

Amunanu,
Latif


21 Epulo 2024

Amake Warda,

Asalamu alaikum. Ndamva kuti Idi munadya bwino ndipo makapu anafika onse amoyo. Kuno tinaswali kuseri kwa sitolo, anthu anayi, kenako ntchito.

Kapeti mwayala bwino, a Teddy andionetsa chithunzi pafoni yawo. Pakona ya kuchitseko mwasiya mpata wolowa chala, koma kwa munthu woyamba ndakhululuka.

Chimene sindikhululuka ndi chimene chili pamwamba pakepo. Ndinafunsa a Teddy kuti chobiriwira ichi n'chiyani, iwo n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinawerenga kalata yanu. Eti Ababa anachipeza pakhomo, nati, "Wayala ichi apa ndani? Chinthu chokongola chonchi n'kumapondapo ndi matope?" N'kuchikutumula, n'kukachiyala pamwamba pa kapeti yanga, n'kumaswalirapo. Chopukutira mapazi, amake Warda! Ine ndatuluka thukuta kupezera munthu kapeti imene amayala m'nyumba za madokotala, iye n'kusankha chokulungira makapu. Ndipo mukuti salola munthu kuchisuntha kapena kuchisesa, chimangokhala pakona pomwepo. Ndiye chigona msanga kuposa mmene ndinanenera. Pofika Juni mudzandiuza.

Uthenga wawo ndaumva. "Muuzeni shehe wa makapetiyo kuti chipumi changa chafika pansi." Shehe wa makapeti ndine? Chabwino. Muwauze kuti shehe wati chimene chikuwanyamula ndi feluti yanga ndi yopota yanga zimene zili pansipo, veleveti yawoyo ikungodyerera. Muwauze ndithu, musachepetse.

Koma ndisaname, pamene ndinafika pa mawu akuti masiku onse otsala a Ramadhani aswali chogwada, mpando uja mwabwezera pabalaza, ndinapinda kalata n'kupita kuseri kwa mipukutu. Anzanga anaganiza kuti ndi guluu wandilowa m'maso.

Chifuwa chimene mwatchulacho chayamba liti? Mwangolemba mzere umodzi kumapeto ngati nkhani ya nkhuku. Ababa sakhosomola wamba. Apite kuchipatala, akakana muitane achemwali, amenewo pokakamiza munthu ndiye amatha.

Ndinalowa mu ofesi kukafunsa pasipoti yanga. Poyamba ndinalankhula mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Bwana anati hotela ithe kaye. Ndinati bambo anga ndi okalamba. Anati aliyense ali ndi bambo. Zimene ndinayankha sindingazilembe m'kalata yoti mwana angaitole. Mukamva kwa a Teddy kuti ndinaswa tebulo, akukokomeza, linangogwa. Sabata imeneyo anandichotsa pa zodula n'kundiika pa masitepe ndekha.

Za Akram zamveka. Ali moyo, ali kumalo kumene amasungira anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Mwina afika kumudzi ine ndisanafike. Ndikaganiza zimenezo sindidziwa ngati ndimumvere chisoni kapena nsanje.

Makina anu osokera akufuna lamba watsopano, ndamva. Ndaika awiri.

Amunanu,
Latif


16 Juni 2024

Amake Warda,

Asalamu alaikum. Kuno kwazizira koopsa, madzi akumauma m'mapaipi. Ndikudziwa kuti kumenekonso nkhungu yatsika m'phiri. Mabulangete awiri ali ndi a Teddy, lolemeralo ndi la Ababa. Lina ndi lanu ndi mwana, achemwali asalione.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati anawagoneka kuchipatala n'kuwatulutsa, mankhwala akumwa koma thupi likutha. Mwati phala akumangolawa. Koma mwatinso nthawi ya swala ikakwana amatsika pabedi okha, kukwawa mpaka pa chidutswa chawo chija, ndipo mukafuna kuwagwira amakukankhani. Asiyeni. Musawaletse.

Mwandifunsa mosabisa kuti ndibwera liti. Nanenso ndiyankha mosabisa. Bwana anandiitana, natulutsa pasipoti yanga m'diroo, naitsegula pamaso panga. Anandilozera chidindo, masiku anga anatha kalekale. Iye ndi amene ankati azikonza zimenezo. Anati ndikafika nayo pachipata cha dziko adzandidinda choti ndisadzabwerenso kwa zaka. Kenako anaibwezera m'diroo, nakhoma, nandifunsa ngati masitepe a mbali ya kumpoto ndamaliza. Ulendo uno sindinagwetse kanthu. Ndinangotuluka.

Ndiye onani mmene zilili. Ndikabwera, ndabwereratu, ndipo mankhwala a Ababa, sukulu ya Warda, chimanga cha chaka cha njala chino, zonse zidzayang'ana makina anu osokera. Ndikakhala, ndiye ndi izi mukundilemberazi. Ndikagona ndimatembenuza nkhaniyi uku ndi uku ngati chidutswa chosakwana pakona, paliponse pakuperewera. Bwana akuti masitepe akatha andipatsa zanga zonse pamodzi ndi pasipoti. Mawu ake ndimawadziwa kulemera kwake, koma ndilibe ena oti ndigwire.

Bondo langa lamanja latupa. Pokoka kapeti kuti ilimbe timagwiritsa chitsulo cha mano kutsogolo ndi kapilo kumbuyo, mano amaluma kapeti, iwe n'kumamenya kapiloko ndi bondo. Pa masitepe umamenya sitepe iliyonse, mbali zonse. Madzulo ndikamaswali ndimayamba ndagwira khoma. Ababa musawauze, angaseke mpaka chifuwa chiwabanike.

Masiku ano ndikumakumbuka nthawi imene ankanditenga kuphiri kokacheka matabwa. M'nkhalango ya paini mmene masamba ake anagwa n'kuunjikana, ndinkavula mapatapata kuti ndimve kufewa, ndipo ndikayang'ana mmbuyo sipankaoneka pamene ndaponda. Koma kanjira kathu kotsikira nako matabwa kanali koterera, kolowa pansi, koumbika ndi mapazi a anthu. Ababa ankadziwa pamene phazi lawo limakhala pa mwala uliwonse, ngakhale m'nkhungu. Ankati ndiziponda mmene aponda iwo. Ine ndi makani anga ndinkaponda pambali, n'kumagwa.

Auzeni adikire masitepe athe. Atsala ochepa. Auzeni kuti Latif wati adikire.

Amunanu,
Latif


9 Julaye 2024

Amake Warda,

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun.

A Teddy anandipeza kuhotela dzulo masana, ndili pa masitepe, mpeni m'manja. Anangovula chipewa. Akuti pamene achemwali amawaimbira, azibambo anali atabwerako kale kumanda. Mwachita bwino osadikira. Mukanadikira ndani?

Bwana anati ndiweruke, ndikapume. Ndinamufunsa kuti ndikapume kuti. Anandibweza kusitolo, nakhoma geti.

Akuti Ababa anakomoka atangomaliza swala ya m'mawa, ali pamalo pawo paja, ndipo ndinu munawanyamula kuwaika pabedi. Zikomo, Kulusumu. Zimene mwawachitira apongozi anu, mwana wawo sanachite.

Amene anasambitsa thupi ndi amene anakumba manda muwathokoze m'dzina langa. Zofunika pa sadaka a Teddy akupatsani.

Masitepe atsala asanu ndi limodzi.

Latif


4 Ogasiti 2024

Amake Warda,

Asalamu alaikum. Ndili moyo. Bondo likadali lotupa koma ndikuyenda. Warda mumupsompsone, mumuuze kuti chithunzi chimene anajambula cha agogo ake ndachimata pakhoma pamene ndimagona.

Hotela inatha. Bwana wapeza ina ku Pretoria. Diroo ija ikadali yokhoma. Nkhani imeneyo tiisiye pomwepo.

Ndikuyankha funso lanu, ndipo kalata ino muiwerenge nokha, kenako muibise. Mwati achemwali akukonza nyumba pokonzekera sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, akuchapa chilichonse, ndipo afika pa chidutswa cha Ababa. Mwati ubweya wake unagoneratu. Pali maenje awiri a mawondo, lamanzere lolowa kwambiri. Kutsogolo kuli zikhatho ziwiri, pakati pake malo osalala a chipumi, kumbuyo timaenje ta zala za kumapazi. Achemwali akuti n'zochititsa manyazi pamaso pa alendo, ndipo akutumani mundifunse ine katswiri kuti ubweya wogona amaudzutsa bwanji.

Njira yake ndikuidziwa. Ndimachita sabata iliyonse m'nyumba za anthu pamene panakhala miyendo ya mipando. Sindikuuzani.

Mvetserani bwino. Chidutswa chimenecho chisakhudze madzi. Pasapite burashi, tsache kapena chipeso. Musachikutumule, musachiyanike pachingwe, musachipinde, ndipo musachikulunge, chifukwa mukakulunga ubweya wa m'mbali udzagona nawonso, zonse n'kufanana. Muchinyamule ndi manja awiri chili chotambasuka, ngati mmene mumanyamulira thireyi ya makapu odzaza. Muchiike pamwamba pa kabati ya kuchipinda kwathu, ubweya kuyang'ana kumwamba. Mufunditse chitenje chopepuka chifukwa cha fumbi, pamwamba pake pasakhale kanthu, ngakhale Msahafu, buku loyera. Warda akafuna kuona mumunyamule aone, koma asasisite.

Achemwali akafuna chochapa, apatseni kapeti yanga yopota ija. Achape, akweche, alendo akhalepo mpaka kukhuta. Imeneyo ndi kapeti yabwino. Ababa ayendapo miyezi inayi, akwawapo, agwerapo, ndipo mwanena nokha kuti ikuoneka ngati yafika dzulo. Ndi zimene ndinalonjeza. Ilibe kanthu kawo ngakhale pang'ono.

Akakakamira, muwauze kuti Latif wati wokhudza chidutswacho adzaonana naye. Amandidziwa. Ndipo musakawauze kuti ndavomera kuti Ababa anasankha bwino. Sindinatero. Veleveti ndi kapeti yachabechabe, ndinanena mu Febuluwale ndipo ndikunenabe. Ikagona yagona, siidzukanso yokha ngakhale papite zaka.

Ndiye indidikira. Tsiku sindikulidziwa, ndipo ndasiya kutchula miyezi. A Teddy akuti pali njira ina yodutsira anthu opanda mapepala, ndikuiganizira, musandifunse zambiri. Koma tsiku limene ndidzatsike basi pa Chinamwali, musadzayambe ndi madzi osamba kapena tiyi. Mudzatsitse chidutswacho, mudzachiyale pakona pawo paja kuloza ku Kibula, mudzatseke chitseko. Manda adzandionetsa ena. Ine ndikufuna ndidzaike mawondo angawa mmene munali awo, ndione ngati akukwana.

Amunanu,
Latif